Mluzu wa Kunyumba kwa Khamla

Unayamba kusowa ndi mpunga. Mayi Khamla ankasiya mpunga womata wotsala madzulo m'kadengu kotseka bwino, koma m'mawa wina anapeza kadenguko kali kotseka momwemo, mpunga utakumbidwa pakati, zala zitadinda m'mbali. Khoswe sabwezera chivundikiro.

M'mudzi mwathu Khamla anali chitsanzo. Ankasunga malamulo asanu a chipembedzo cha Buddha, ankakhala woyamba kugwada pamsewu amonke akukachisi akamadutsa ndi mbale zawo zolandirira chakudya m'bandakucha, ndipo usiku uliwonse ankakhala phee patsogolo pa kafano ka Buddha, kusinkhasinkha akutsata mpweya wake. Apa n'kuti patatha miyezi itatu chimwalirire apongozi ake, Mayi Bouavanh.

Usiku wachiwiri kunamveka mluzu. Unali woonda, wautali, ngati mphepo yodzipanikiza pamng'ankha wa nsungwi, ndipo unkaleka n'kuyambanso. Achule m'minda ya mpunga anangoti zii. Kutacha, amayi pamsika ankanong'onezana kuti umenewo ndi mzukwa wanjala, wa mimba ngati nkhokwe ndi pakamwa ngati kabowo ka singano, umene umalira choncho chifukwa sungameze. Ine nkhani zotere sindizithamangira, koma mluzuwo ndinaumva ndekha, nyumba zathu n'zoyandikana.

Khamla anali ndi chimene ankabisa. Chaka chonse chimene apongozi ake anagona kudwala, nsomba zonona ndi mango akupsa ankapita nazo kukachisi, kumene anthu ankamuona. Nkhalambayo ankaipatsa phala lamadzimadzi, n'kutseka chitseko kuti isamve fungo la kukhitchini.

Utalira mluzu usiku wachitatu, Khamla anapita kwa mkulu wa amonke, nagwada, nafunsa motsitsa mawu ngati apongozi akewo anabadwanso mzukwa chifukwa chofa ndi njala. Mkuluyo anayankha kuti iye sadziwa kumene munthu aliyense wabadwira, ndipo odzitama kuti amadziwa ndi ofunika kuwakayikira.

"Koma chimene tinaphunzira n'chakuti kwa mizukwa yanjalako kumabadwira womana, osati womanidwa," anatero. "Mayi Bouavanh sanamanepo munthu."

Usiku umenewo Khamla anatsimikiza zosagona. Anakhala pamkeka mumdima wandiweyani, miyendo atapinda, akutsata mpweya polowa ndi potuluka. Nsungwi zapansi zinkalira pang'onopang'ono ngati wina akuyenda mosamala. Kenaka mluzu unayamba, pafupi kwambiri, pafupi kuposa khoma.

Nyale inayaka. Khamla anapezeka ali kukhitchini, atanyonyomala, dzanja lili m'kadengu. Mpunga unali utadzaza m'masaya, wina ukugwera pachifuwa, ndipo mpweya unkadutsa pakhosi pake ukulira. Mwamuna wake, Thongdy, anali ataima pakhomo, nyale ili m'manja.

"Ndinu, mayi a Vieng," ananong'ona, akumutchula ndi dzina la mwana wawo. "Kuyambira tsiku loyamba. Ndimasowa poyambira kukuuzani."

Khamla analavulira m'manja, naulula zonse, za phala ndi za chitseko, maso ali pansi. Ankayembekeza kuti amuthamangitsa. Thongdy anakhala pansi pambali pake.

"Ndinkadziwa," anatero. "Chitseko chija ndinkachidutsa tsiku lililonse. Anali mayi anga, koma mitu ya nsombazo ndinkadya ndine."

Zonsezi anandiuza ndi Thongdy mwini, osandiyang'ana kumaso. Kuchipatala anati Khamla ali ndi chifuwa chobanika komanso amayenda ali m'tulo, ndipo ndikukhulupirira kuti sanalakwitse. Mankhwala anamuthandiza. Pamsewu m'mawa tsopano amagwada kumapeto kwa mzere, ndipo chakudya chabwino amayamba wapereka kwa nkhalamba yakhungu ya kuseri kwa kachisi, kumene sikudutsa anthu.

Sabata yatha ndinadya ndi Thongdy. Waonda kwambiri. Anaumba kampunga kakang'ono, nakatafuna nthawi yaitali, khosi likukwera n'kutsika, koma kosamezeka. Kenaka anatembenukira kukhoma, nakalavulira m'dzanja mwakachetechete, n'kundipempha kuti ndisauze mkazi wake.