Sindre Wabwerako Atapsa ndi Dzuwa

Jussara anakumana ndi Sindre pamalo okwerera basi mu Novembala, mvula ya mumzinda wozizira wa Bergen ikuwaza monga mwa masiku onse. Mtsikanayu, Jussara, anali atachoka kwawo ku Brazil miyezi isanu yapitayo kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Tsikulo anangoima, maso ali kumwamba komwe kunali mbuu.

"Mukusaka chiyani kumeneko, achemwali?" anafunsa mwamuna wamtali amene anaima pambali pake. Ameneyu anali Sindre.

"Dzuwa. Milungu itatu tsopano osaliona."

"Pepani, linapita kutchuthi. Limabwera mu Meyi, likafuna."

Jussara anaseka, kuseka kwake koyamba mwezi umenewo. Basi isanafike anali atapatsana kale manambala.

Chikondi chinayaka msanga. M'mawa uliwonse, akupita kuntchito kunja kudakali bii, uthenga unkalowa: "Wadzuka bwanji duwa langa? Pirira. Mu Febuluwale ndikutengera kuchilumba chotentha cha Gran Canaria, ukawothe dzuwa mpaka likukole!"

Lonjezo limeneli ndilo linkamudzutsa pabedi. Anagula ngakhale diresi lachikasu lopanda manja, n'kulipachika pachitseko kuti aziliona.

Koma zina sizinkamveka. Loweruka ndi Lamlungu, Sindre sankayankha foni. Jussara akafuna kukaona kumene Sindre ankakhala, yankho linali limodzi: "Akukonza bafa, wokondedwa, m'nyumba muli fumbi lokhalokha." Bafa lanji lokonzedwa miyezi iwiri?

Chaka chatsopano chitangolowa, Sindre anati akupita kuntchito yokumba mafuta pakati pa nyanja. "Milungu iwiri yokha, mtima wanga. Usadandaule ndikakhala chete, netiweki kumeneko ndi yovuta."

Ingunn, mnzake wa Jussara wa kuntchito, atamva zimenezi anapukusa mutu. "Mlamu wanga amagwira komweko, koma amaimbira mkazi wake tsiku ndi tsiku. Iwe, tsegula maso!"

"Nsanje basi," anatero Jussara. Koma mawuwo anam'tsalira mumtima ngati minga.

Sindre atabwerako, anapangana zokumana m'nyumba yomwera khofi pafupi ndi doko. Mwamunayo atangovula chipewa ndi mpango, Jussara anaima njii. Khosi linali psuu, mphuno ikusupuka!

"Sindre! Wapsa chonchi ndi chiyani?"

"Mphepo ya panyanja, bebi. Imawaula."

Mphepo? Bambo ake a Jussara ankagulitsa madzi a kokonati pagombe, ndipo alendo opsa ndi dzuwa iye anayamba kuwaona asanadziwe n'kuwerenga komwe.

"Usandipusitse. Limenelo ndi dzuwa."

"Chabwino, wandigwira," Sindre anaseka mokakamiza. "Ndinalowa m'makina a nyali aja oderetsa khungu. Ndimafuna ndikuonekere bwino, mfumukazi yanga."

Anatambasula dzanja lamanja kuti amusisite tsaya. Jussara analigwira n'kulitembenuza pang'onopang'ono. Dzanja lonse linali lodera, kupatula kamzere koyera mbee kozungulira chala chimodzi.

"Nanga apa dzuwa linaopa chiyani?"

Sindre anafuna kubweza dzanjalo, koma Jussara analigwiritsa.

"Mphete ili kuti? M'thumba?"

Mwamunayo anayang'ana pansi. "M'galimoto."

"Dzina lake ndani?"

"Hilde. Koma Jussara, banja lathu linatha kalekale, timangokhalira ana..."

"Ana! Angati?"

"Awiri. Chaka chilichonse timapita nawo ku Gran Canaria. Sindikanatha kukana. Ndimafuna ndikuuze, ndikulumbira!"

Gran Canaria! Malo omwewo amene iye ankawalota miyezi yonseyi? Pamene iye ankasambitsa okalamba, kuchoka mumdima n'kubwerera mumdima, mwamunayu anali chigonere pamchenga ndi mkazi wake?

Jussara anasiya dzanjalo. Anavala jekete mwakachetechete.

"Duwa langa, usapite. Nditukwane, ndimenye, koma nena kanthu!"

Anafika pakhomo. Kunja kunali kutayamba kale kuda, nthawi ili itangokwana kumene 3 koloko masana. Anatembenuka. Mafunso anali ambiri, koma limene linatuluka linali limodzi lokha.

"Kunkatentha kumeneko?"

Sindre anagwedeza mutu. "Eya. Tsiku lililonse."

Apo m'pamene misozi inagwa. Jussara anatsegula chitseko n'kulowa mumvula, osacheukanso.