Usipa pa Mapanelo a Sola

Tiyanjane anatula ndowa pakhomo khosi litauma gwa, mapazi ali mchenga wokhawokha. Ankachokera kunyanja kotunga madzi, ndipo belu la kusukulu linali litalira kalekale. Mwana wa Fomu 4 ameneyu, mayeso ali pafupi! Koma akanatani poti mpopi wa m'mudzi mwawo, kufupi ndi Chipoka, unali utaumanso.

Chopweteka mtima n'chakuti mpopiwo unali watsopano. Bungwe lina linakumba chitsime chakuya, n'kuika pampu yoyendera mphamvu ya dzuwa, thanki pamwamba, ndi mapanelo a sola m'kati mwa mpanda wa waya. Miyezi yoyambirira madzi ankachita kusefukira. Kenako zinthu zinasintha. Dzuwa likafika pamutu, nthawi yoti pampu igwire ntchito mwamphamvu, iyo inkangoti zii.

Injiniya wa bungwelo, a Hasina, anali atatopa nawo mudziwo. Ankafika mpango uli mbuu ndi fumbi, kuyeza mawaya, kutsegula bokosi la pampu, n'kupeza zonse zili bwino. Madzi ankatuluka pamaso pawo ngati akuwaseka. Tsiku lina anakhala pa njerwa n'kuuza amayi a komiti ya madzi kuti mabwana awo ayamba kuganiza kuti chitsimecho n'chouma. Akadzabweranso osapeza vuto, zipangizo zonse zidzazulidwa n'kupita ku mudzi wina cha ku Lifuwu. Anafunsa ngati pali chimene chimaphimba mapanelowo, ndipo komiti yonse inayankhira pamodzi kuti ayi.

"Magalasiwa amafuna kuwala, osati kutentha," anatero a Hasina, mawu ali olefuka. "Ngakhale masamba ochepa atagwerapo, mphamvu imatsika."

Tiyanjane anali pomwepo ndi chigubu chake, ndipo anazindikira pamene panali vuto. Amayi ake, a Agnes, ndiwo ankasunga kiyi wa mpandawo. Asodzi akabwera ndi usipa m'mawa, iwo ndi anzawo ankakauyanika pa mapanelo. Malo abwino bwanji! Mbuzi sizilowa, agalu salowa, mchenga sufika, ndipo usipa unkauma msanga, woyera bwino, ogula a ku Lilongwe n'kumachita kuulimbirana. A Hasina akaimba foni kuti akubwera, amayiwo ankachotsa zonse n'kutsuka magalasi ndi sopo. Kwa iwo chimenecho chinali ulemu basi, kuti mlendo asapeze fungo la nsomba.

Tiyanjane atafika kunyumba anawauza amayi ake mwaulemu kuti usipa ndi umene ukupha pampu. A Agnes sanafune kumva. Anati iwo anakhudzapo ndi dzanja lawo, galasi limatentha ndithu pansi pa usipa, ndiye magetsi angalephere bwanji? Anamukumbutsanso kuti usipa womwewo ndi umene ukumuphunzitsa sukulu. Tiyanjane analibe mphamvu zokangana. Anatsegula buku, koma tulo tinamugwira asanamalize tsamba.

Masiku anapita, ndowa ili pamutu, kusukulu kuli kuchedwa. Kenako mlongo wake wamng'ono, Samueli, anayamba kukodza magazi. Kuchipatala anati ndi likodzo, la madzi a m'mabango momwe ana ankatunga ndi kusamba chiumire mpopi. A Agnes anamva zimenezi ndi makutu awo. Komabe usipa ukabwera ankayanika pomwe paja, poti kuzolowera n'kovuta kusiya.

Loweruka lina foni inalira kuti a Hasina adutsa kale pa Salima boma. Amayi oyanika usipa aja anathamanga ndi malichero. A Agnes anamasula kiyi pa nsonga ya chitenje n'kupatsa Tiyanjane kuti atsogole akatsegule. Mtsikanayo anafika pa geti, koma sanatsegule. Anaima chilili, kiyi atamufumbata.

"Amayi, ndatopa," anatero motsitsa mawu. "Tikachotsa lero, sapezanso vuto. Azula zonse, ndipo Samueli abwerera kumabango."

Amayi enawo anayamba kulalata kuti mwana wamwano ngati ameneyu sanamuonepo. A Agnes anayang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana Samueli yemwe anakhala pansi pa thanki youma, milomo itatuwa. Manyazi anawagwira, mkwiyo nawo unalipo, koma anaika lichero pansi.

"Siyani," anatero. "Aone okha."

A Hasina atatsika m'galimoto anaima kaye, manja m'chiuno. Mapanelo onse anali ng'aning'ani ndi usipa, kuyambira ngodya iyi mpaka iyo. "Subhanallah," anatero potchula Mulungu modabwa, n'kupuma mozama. Sanakalipe, mwina mphamvu zokalipira zinali zitawathera m'misewu ya fumbi ija. Anangopempha kuti usipawo uchotsedwe pang'onopang'ono, aliyense akumvetsera.

Panelo loyamba litayera panalibe chomveka. Ena atayera, pampu inayamba kung'ung'udza pansi. Lomaliza litapukutidwa, madzi anamveka akugwera m'thanki, phokoso limene mudziwo unali utaiwala kulimva masana. Palibe anaomba m'manja. Amayi aja anangoyang'ana pansi.

A Agnes anagwada n'kupempha kuti zipangizo zisazulidwe, poti wolakwa ndi iwo. A Hasina anawadzutsa. Anati sazula kanthu, ndipo akadzabweranso adzawaonetsa kamangidwe ka thandala lofolera ndi pulasitiki, loumitsa nsomba ndi dzuwa lomweli popanda mbuzi kapena mchenga.

Usipa wa tsiku limenelo unali usanaume, ndipo a Agnes ankadziwa kuti wambiri uwonongeka. Anausenza choncho. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Samueli, samba pampopipa, kunyanja usapitenso. Iwe Tiyanjane, kiyi ameneyo sunga ndiwe. Ndowa ndidzabwera kudzatenga ndekha, pita ukawerenge."