Penti Wofiira pa Chitseko cha Galaja

Nyumba ya Jailos ndi Tupochile ku Rockingham, kufupi ndi mzinda wa Perth, inali ya mtendere, ndipo amene ankafikako chaka choyamba angachitire umboni. Tupochile anali namwino pa nyumba ina yosamalira okalamba. Viza imene awiriwa ankakhalira mu Australia inali ya ntchito yakeyo. Jailos, mnyamata wa zaka 27, anabwera monga mwamuna wa namwino, ndipo anapeza ntchito yonyamula makatoni a zipatso ku msika waukulu wa Canning Vale. Wofika msanga ndiye ankaphika. Lamulungu onse ankayimba kwaya mu mpingo wa Amalawi umene umasonkhana mu holo ya sukulu. Popeza makolo anali kutali, Bambo Dunstan, mkulu wa mpingo, ndi akazi awo Mayi Nora ndiwo anali ngati ankhoswe awo.

Chaka chachiwiri Jailos anasiya ntchito. Anati msana unkamupweteka, koma kwa anzake ankanena kuti sangamalamulidwe ndi kamtsikana ka zaka 22 kamene kanali kapitawo wawo. Anayamba kudzuka dzuwa litakwera. Masana ankapita ku Malaga, dera la kutali kumpoto kwa Perth, kukacheza ndi Obby, mnzake wa ku Lusaka amene ankatsuka magalimoto kumeneko.

"Boi, bwela kuno tiyambe vathu," ankatero Obby m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Ku Rockingham uchitako chani? Kuchapa mayunifomu ya madamu?"

"Tupo sangalole. Ntchito yake ili konko."

"Sangalole? Manje mwamuna ni ndani pa nyumba paja? Viza ni yake, motoka ni yake, na mau ni yake. Iwe ndiwe chabe chikwama chamene anabwela nacho pa ndeke."

Jailos anaseka, koma mawuwo anapita nawo kunyumba. Madzulo amenewo analengeza kuti akusamukira kufupi ndi Malaga mwezi wa mawa.

"Bambo, ndizikayenda bwanji?" anafunsa Tupochile. "Shifiti ya m'mawa imayamba sikisi. Tidikire mapepala athu okhazikika atuluke, kenako ndifune ntchito kumeneko."

"Sindikufunsa maganizo ako. Ndanena."

Nkhaniyi inafika kwa ankhoswe. Bambo Dunstan anamvetsera mbali zonse, kenako anavula magalasi.

"Jailos, mwana wanga, zoti mwamuna ndi mutu wa banja timaziphunzitsa, ndipo sitikuzibweza. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndiwo umayamba kudzuka, ndiwo umatsiriza kudya. Iwe ukufuna umutu wa pa mpando. Pita kaye ukapeze ntchito, za kusamuka tidzakambirana."

"Ndiye kuti mwaima ndi mkazi?"

"Ndaima ndi nyumba yako."

Mawa lake Obby anamva zonse, napukusa mutu.

"Madala aja anagonja kudala, kalekale. Mvela ine. Mukazi sasamuka na vesi, asamuka na mantha. Akayopa pamene ankala, azakupempa eka kuti muchoke. Na kuno ukangokamba ati azungu akutizonda, satifuna, aliyense anjenjema."

Obby sananene china choposa pamenepo, ndipo si chilungamo kumusenzetsa zimene sananene. Zotsalazo Jailos anaziganiza yekha.

Woyandikana nawo nyumba anali Harvey, mzungu wa zaka 71 amene anapuma ntchito ku mafakitale a ku Kwinana. Anali wamasiye, wosaseka kawirikawiri. Kamodzi anakangana ndi Jailos chifukwa alendo a mapemphero anaimika magalimoto pa kapinga wake. Analankhula mokweza, koma za khungu sanatchule. Sabata yotsatira anasiya thumba la mandimu pa khomo lawo.

Lachinayi lina mu Januwale, dzuwa likuswa mtengo, msewu wawo uli zii chifukwa anthu anali ku ntchito, Jailos anatenga chitini cha penti wopopera. Pa chitseko choyera cha galaja analemba ndi zilembo zazikulu zofiira kuti anthu akuda abwerere kwawo, ndi liwu lina lachipongwe limene siliyenera kulembedwa pano. Penti anamudonthera pa buluku ndi pa nsapato. Anavula, nakulunga zonse pamodzi ndi chitinicho, naziponya pansi pa dengu la zovala zakuda m'kachipinda kochapira. Ankati akazitaye kutali zinthu zikazizira.

Tupochile atafika, anaima pa msewu chikwama chili m'manja. 

"Mayo ine! Ndani wachita zimenezi?"

"Ukufunsa? Ndinakuuza kuti dera lino si lathu. Ndi mdala uja."

"Mwamuona?"

"Ndamuona akuchoka pa geti."

Jailos ankayembekeza kuti mkazi wake angolira n'kuyamba kulongedza. Sanaganize kuti namwino wozolowera kulemba lipoti la chilichonse aimbira apolisi. Atamva kuti akubwera, anamukokera kukhitchini.

"Ukawauze kuti tsiku la magalimoto lija anatitukwana za khungu. Unamva ndi makutu ako."

"Koma sananene zimenezo, bambo."

"Ananena, iwe unali mkati. Mboni imodzi saikhulupirira kuno. Ukufuna ndioneke wabodza pamaso pa azungu?"

"Ndinganene bwanji zimene sindinamve?"

"Tupo, pa tsiku la ukwati unalonjeza chiyani? Pa za kusamuka unandikana, akulu anakuikira kumbuyo. Lero nyumba yathu yanyozedwa, ukufunanso undikane? Mkazi womvera amaima pamene mwamuna wake waima."

Tupochile anakhulupirira kuti Harvey ndiye analemba mawuwo, popeza mwamuna wake anati anamuona. Anadziuza kuti akungothandiza choonadi kuti chiyende msanga. Apolisi awiri anafika, najambula chitseko, nalemba zonse mwaulemu. Wapolisi wamkazi anamufunsa kawiri ngati mawuwo anawamva yekha. Anavomera kawiri konse, nasainira.

Jailos anaika chithunzi cha chitseko pa gulu la Amalawi la pa foni. Pofika Lachisanu chinali chitafalikira pa masamba a mchezo, wina atawonjezapo dzina la msewu ndi nambala ya nyumba ya Harvey. Apolisi anamutenga mkuluyo kukamufunsa, namubweza. Loweruka anyamata osadziwika anaswa zenera lake la kutsogolo ndi njerwa. Tupochile anamuona akusesa magalasi yekha, ndipo anatseka katani.

"Tichoke kuno, bambo," anatero. "Ndavomera."

Jailos anali atapeza chimene ankafuna. Chimene anaiwala ndi khalidwe la anthu a kwawo. Kwathu nyumba ikagweredwa tsoka, ilibe chitseko chotseka. Anthu sapempha chilolezo chodzapepesa, ndipo amayi akafika sakhala pa mpando.

Lamulungu mapemphero atatha, mpingo wonse unatsikira ku Rockingham. Abambo anakhala panja pa mipando ya pulasitiki, Jailos ali pakati akufotokoza. Nkhani inali itakula kale: tsopano Harvey anali atamuloza ndi chala n'kumuopseza. Amayi anamanga zitenje pamwamba pa madiresi a kutchalitchi. Ena analowa kukhitchini, ena anagwira tsache. Mayi Nora anaona kuti Tupochile sanachape sabata yonse.

"Khala pansi, mwana wanga, wadutsa m'zambiri," anatero, nalowa m'kachipinda kochapira.

Anakhalamo nthawi yaitali. Kenako anasuzumira pa khomo.

"Tupo, tabwera undionetse sopo."

Atalowa, Mayi Nora anatseka chitseko. Pa makina ochapira panali buluku la Jailos, nsapato zake ndi chitini. Kufiira kwake kunali komwe kuja kwa pa galaja.

"Mwina amafufuta," ananong'ona Tupochile.

"Wofufuta amasunga chitini m'buluku?"

Tupochile anakhala pansi pa simenti. Sanalire. Anangoti, "Mayi, ine ndinasainira. Ndinauza apolisi kuti ndinamva a Harvey akutukwana. Sindinamve."

"Anakuuza ndani kuti utero?"

"Anati ndimvere. Pa chilangizo cha amayi a mumpingo paja inu nomwe munati za m'nyumba sizituluka panja."

Mayi Nora anakhala naye pansi pomwepo.

"Ndinanena, ndipo ndikanayenera kumaliza. Timabisa kuti mwamuna amachita nkonono. Timabisa kuti ndiwo zinapserera. Sitibisa bodza limene laswetsa zenera la nkhalamba. Mwamuna wako ndi mutu wa nyumba ino, koma si mutu wa chikumbumtima chako."

Alendo atabalalika, Bambo Dunstan anaika chitini pa tebulo la pabalaza. Jailos anachiyang'ana, nayang'ana mkazi wake.

"Ndani anakupatsani ufulu wofufuza m'nyumba mwanga?"

"Palibe anafufuza. Amakuchapira," anayankha Bambo Dunstan. "Mawa m'mawa tipite limodzi ku polisi. Ukanene wekha, zisanakupeze."

"Sindipita. Ndipo mkazi wanga sapita. Tupo, ndakuletsa."

Tupochile ankadziwa zimene akanataya. Namwino wopezeka kuti ananama pa chikalata cha boma akhoza kulandidwa chilolezo cha ntchito, ndipo ntchito ikatha viza imatha nayo. Akanakhala chete, mwina nkhani ikanazilala yokha, Harvey n'kutsala ndi dzina loipa mpaka kumanda.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "ndakumverani pa zambiri, ndipo sindinadandaule. Pa ichi ndinakumverani kamodzi, ndipo ndinachimwa. Kachiwiri ayi."

"Ukatuluka pa khomo limeneli mawa, usadzanditchulenso mwamuna wako."

"Ndikadzuka ndipita."

Anapitadi, Mayi Nora atamugwira dzanja. Masana a tsiku lomwelo apolisi anabwera kudzamutenga Jailos. Jailos anaimbira Obby foni katatu, koma sinayankhidwe.

Zotsatira zake sizinali za m'mafilimu, ndipo palibe chifukwa chozikometsera. Jailos sanapite kundende. Khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wonamiza apolisi ndi wowononga nyumba ya eni, linamulamula kugwira ntchito zothandiza anthu popanda malipiro kwa miyezi ingapo, ndipo dzina lake linalowa m'kaundula wa opalamula. Mwini nyumba anawatulutsa. Tupochile, chifukwa anadziulula yekha, anangochenjezedwa, koma kuntchito anamuimitsa miyezi inayi pamene bungwe la anamwino linkaunika nkhani yake. Anabwerera kuntchito, koma pempho lawo lokhala m'dzikomo mokhazikika linaima, ndipo mpaka pano sadziwa ngati lidzayenda. Tupochile amakhala kwa Mayi Nora. Jailos amagona m'chipinda cha lendi ku Malaga, dera limene ankalifuna lija.

Panalinso mtengo wina umene analipira anthu osalakwa. Tsankho liripo ku Perth, monga liliri kwina kulikonse, ndipo si nthano. Mwezi wa Epulo mayi wina wa mumpingo, wosamalira odwala, analavuliridwa malovu ndi kutukwanidwa pa siteshoni ya sitima. Anafika kunyumba, nachapa yunifomu, osauza apolisi. Atafunsidwa chifukwa chake anati, "Adzati ndi Amalawi aja a penti."

Patapita miyezi isanu Jailos anapita yekha kwa Bambo Dunstan, mutu uli pansi, nawapempha kuti amuperekeze kwa Harvey. Anakwera sitima mpaka ku Rockingham. Pa kapinga paja panali chikwangwani chogulitsa nyumba. Amene anatsegula chitseko anali mayi wa zaka za m'ma 40, atanyamula katoni ya mbale. Anali Tiffany, mwana wa Harvey. Anamuzindikira Jailos nthawi yomweyo.

"Ndabwera kudzapepesa kwa bambo anu," anatero Jailos m'Chingerezi.

"Bambo kulibe. Chiswereni zenera sankagona. Anagwa kubafa mu Meyi, ndipo tsopano ali ku nyumba ya okalamba. Masiku ena sandidziwa ngakhale ine."

"Ndingakawaone?"

"Mukawauze chiyani? Anakhala mu msewu uno zaka 38. Atatuluka komaliza, anthu ankayang'ana kumbali." Anakonza katoni m'manja mwake. "Ankandifunsa kuti, kodi ndinawalakwira chiyani ana aja? Ndinalibe yankho. Inu muli nalo?"

Jailos anatembenukira ku chikwangwani chija. Tiffany anadikira pang'ono, kenako anatseka chitseko ndi phazi.

Jailos ndi Bambo Dunstan anabwerera ku siteshoni. Atafika pa benchi, Jailos anaphimba nkhope ndi manja, nalira monga sanalirepo kukhoti.

"Mulungu angandikhululukire, bambo?"

"Angathe, ndipo ukalapa moona adzatero," anatero Bambo Dunstan. "Koma a Harvey sabwerera m'nyumba muja. Zimenezo uzisenza."

"Nanga Tupo?"

"Ameneyo usamulamule. Ukamupemphe, ndipo akati dikira, udikire."

Mpaka lero akudikira.

Anyamata amene mukulowa m'banja, imvani izi mosapita m'mbali. Umutu umene mawu a Mulungu amapatsa mwamuna ndi katundu wosenza, si chikwapu, ndipo sufika pa kulamula mkazi kuti achimwe. Atsikana, kumvera kumathera pamene bodza layambira. Ndipo tonse amene tikukhala m'dziko la eni tisaseweretse dzina la tsankho kuti tipambane mkangano wa kuchipinda. Umboni wonama umagwera munthu amene ali ndi dzina ndi ana ake, umatseka pakamwa pa mnzako amene adzazunzidwe zenizeni, ndipo nthawi zina pamene wafuna kupepesa, wopepesedwayo sakhalanso woti n'kukumva.