Botolo Lopita ku Zomba

Zelifa ankapeta nandolo pakhonde dzuwa likulowa, koma makutu ake anali kunyumba kwa mng'ono wake Eveles, kumene makina osokera ankalira. Goliati, mwamuna wa Eveles, anali atangobwera kuchokera ku Joni ndi makinawo, njinga ndi malata. Dera lonse la Nkhulambe linkadziwa kuti Goliati yemweyo poyamba ankafunsira Zelifa.

"Ena amangodya mwayi wa anzawo," anatero Zelifa, akuuza lichero lake.

Posakhalitsa mbuzi za Goliati zinayamba kufa zopanda bala, zikununkha ngati nsatsi zopserera. Anthu ankanong'onezana kuti pa malata atsopanowo pamakanda chinthu. Eveles anayamba kudandaula kuti m'mimba mwake mukuyenda kanthu. M'mawa wina anamupeza atauma, mutu uli pamakina.

Goliati anakana kuika maliro. Anakhoma chitseko, napalasa njinga mpaka ku boma kukanena kuti mkazi wake wadyetsedwa chiphe. Anabwerako ndi wapolisi pamodzi ndi a Kaliati, opima mitembo.

"Mtembo usasambitsidwe," anatero a Kaliati. "Nsalu imene wavala, mbale imene anadyera, wina asakhudze."

"Ndi mng'ono wanga," anatero Zelifa. "Ndisiyeni naye ndekha pang'ono, ndimutsanzike."

"Lamulo sililola, mayi. Mulowe ndi wapolisi, munene ngati ndi yemweyo, mutuluke."

Zelifa anatuluka akunjenjemera. Amayi anzake ankayesa ndi chisoni.

Mumpanda wa udzu kuseri kwa nyumba, a Kaliati anawenga zikhadabo za malemuyo, anameta katsitsi, chilichonse n'kuchikulunga pachokha. Atang'amba mimba, mpeni unawapulumuka. M'katimo munali kanthu kakuda konga buluzi wopanda maso, kakupuma.

"Bwana, n'chiyani chimenecho?" ananong'oneza wapolisi.

"Sindikudziwa. Patse botolo."

Anakaponyamo, anathira mankhwala osungira, anatseka, nadonthezera phula lofiira pakamwa pa botolo wapolisi akuona.

Nthawi yomweyo Zelifa, ali pakati pa amayi olira, anadzigwira pakhosi. M'mphuno mwake munachucha madzi onunkha mankhwala a kuchipatala. Anakwawa mpaka pakhomo pa mpanda.

"Tsegulani botololo. Ndikumira."

"Mlamu, botolo mwalidziwa bwanji muli kunja kuno?" anafunsa Goliati.

"Munali anga inu," anatero Zelifa movutikira. "Iye ankasoka, ine ndikumvera."

Kanthu kaja kankagunda galasi, ndipo chifuwa cha Zelifa chinkadumpha pamodzi nako. A Kaliati anayang'ana mayiyo, nayang'ana botolo.

"Phula likamatidwa limakaswedwa ku Zomba kokha, kumene amakapima umboni," anatero pansipansi. "Ndikaliswa ine, umboni wafa."

A Kaliati anayang'ana Goliati ngati akudikira mawu. Goliati anatembenuka, nalowa m'nyumba.

Wapolisi anaika botolo m'bokosi, nalimanga panjinga. Asanatulukire pamsewu, kugunda kuja kunaleka. Kumbuyo kwake Zelifa anali atagona chagada pafumbi, zovala zili zonyowa, ndipo panalibe amene anasendera kukamutseka maso.