Makhadi Atatu a Imelda

Chaka cha 2004, pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Kapondo ku Mchinji, panali mayi wina dzina lake Imelda. Iye ndi mwamuna wake Greyson anali matenanti. Ankakhala m'kanyumba kaudzu kodontha pamodzi ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, Tiyamike, komanso Stelia, mng'ono wake wa Imelda. Chitenje Imelda anali nacho chimodzi. Akachichapa ankabindikira m'nyumba kudikira kuti chiume.

Nyengo imeneyo kampani ina ya mabisiketi inali itabweretsa masewera otchedwa Nkhondo ya Nyama. M'paketi iliyonse munkakhala khadi limodzi lojambulidwa nyama, ndi manambala osonyeza mphamvu zake. Munthu ankatolera makhadi makumi atatu n'kukumana ndi mnzake patebulo, aliyense kumaponya limodzilimodzi. Mkango unkadya njati, njati inkagunda nyalugwe, koma njuchi zinkathamangitsa ngakhale njovu. Poyamba anali masewera a ana asukulu. Koma wailesi italengeza kuti kukhala mpikisano wa akuluakulu, kuyambira kuboma, kenako ku Lilongwe, kukathera ku Blantyre, ndipo kuti katswiri wa dziko lonse adzalandira minibasi n'kulembedwa ntchito yongosewera basi, ngakhale madoda andevu anayamba kugula mabisiketi.

Imelda ankawatha masewerawa. Maso ake anazolowera kusankha fodya, ndipo khadi lililonse limene mnzake waponya ankalisunga m'mutu. Vuto linali makhadi ake. Ankatola amene ena ataya kuseri kwa golosale: mbewa, akamba, afisi. Nyama zamphamvu zinali ndi anthu otha kugula katoni yonse, monga Ivy, mnzake amene anaphunzira naye ku Guilleme, yemwe anakwatiwa ndi mwini golosaleyo.

Tsiku lina Ivy anamugonjetsa katatu motsatizana pakhonde la golosale, anthu akuonerera.

"Mutu uli nawo, mnzanga," anatero Ivy akusonkhanitsa mikango yake. "Koma kunkhondo sapita ndi mbewa."

Mawu amenewo anamulowa Imelda ngati minga. Kumunda ankangoima, khasu lili m'manja. Akakhala pansi ankadzukanso, akadzuka osadziwa koti apite. Anasi, mayi wina wogulitsa zitenje za ku Zambia, ndiye anamunong'oneza za Enoki, wojambula zithunzi pamsika wa kumalire, amene anthu ankati amajambulanso zina zosaoneka ndi maso.

Imelda anapitako Lachitatu masana. Kachipinda ka Enoki kanali koyera bwino, kukhoma kuli nsalu yojambulidwa nyumba yosanja. Munalibe nsupa kapena mizu. Mwini wake anali munthu woonda, wovala tayi, wolankhula motsitsa.

"Mukufuna Chipembere Choyera," anatero Enoki asanafunsidwe. Limeneli linali khadi loposa onse, ndipo kampani inasindikiza khumi okha m'dziko lonse. "Ndikhoza kukupangirani atatu. Ena akaliona adzaona chipembere. Inu nokha mudzaona nkhope."

"Nkhope ya ndani, bambo?"

"Ya anthu anu. Mubwere nawo atatu ndiwajambule."

Imelda anaganiza pang'ono. "Alipo apongozi anga."

Enoki anamwetulira. "Akamwalira mungalire zenizeni?"

Imelda anayang'ana pansi.

"Ndiye ayi. Khadi lopanda chikondi ndi pepala chabe. Ndikufuna anthu amene mukamva kuti akudwala, mimba imakupotani."

"Nanga chidzawachitikira n'chiyani?"

"Khadi likagona patebulo, inu mwapambana. Mwini nkhope nayenso amagona."

"Amagona mpaka liti?"

"Ine ndine wojambula, mayi, si dokotala. Koma sindikakamiza munthu. Mukhoza kuwasunga osaponya ndi limodzi lomwe. Chachikulu musawatenthe, musawang'ambe, musawanyowetse. Chochitikira khadi chimachitikira mwini nkhope."

"Mtengo wake?"

"Mwaumva kale."

Imelda anatuluka. Ali m'njira anadziuza kuti sadzabwererakonso. Asanafike kunyumba anali atayamba kudziuza zina: kuti adzangowasunga m'manja kuti azimulimbitsa mtima, kuti kugona si kufa, kuti munthu wogona angathe kupita naye kuchipatala pa minibasi yake.

Loweruka anauza a m'nyumba mwake kuti akajambulitse chithunzi cha banja. Greyson anabwereka jekete kwa mnzake. Stelia anamuluka tsitsi Tiyamike, ndipo mwanayo anayenda njira yonse akudumphadumpha chifukwa anali asanajambulidwepo. Enoki anawaimika mmodzimmodzi kutsogolo kwa nsalu ija.

"Nanga inu simujambulitsa, mayi a Tiya?" anafunsa Greyson.

"Filimu yatha," anayankha Enoki, akutseka kamera. Patapita masiku ochepa Imelda anabwerera yekha kukatenga makhadi atatu aja.

Mpikisano wa kuboma unachitikira muholo ina ku Mchinji. Khadi la nkhope ya Greyson linali m'gulu la makhadi ake osewerera. Imelda anagonjetsa anthu anayi ndi mbewa zake zomwezo, ndipo anayamba kukhulupirira kuti sadzafuna thandizo la Enoki. Koma pamasewera omaliza anakumana ndi Ivy. Makhadi ake anatha limodzilimodzi. Ivy anaponya mkango wake womaliza n'kupinda manja, akumwetulira monga anachitira pakhonde paja. M'dzanja la Imelda munatsala kamba ndi nkhope ya Greyson, ali m'jekete yobwereka.

Anaponya Greyson.

Holo yonse inaimirira. Anthu anakankhana kuti aone Chipembere Choyera. Imelda analandira malata makumi awiri, njinga ndi katoni ya makhadi atsopano. Politola khadi lija anapeza langosanduka pepala loyera.

Atafika pa esiteti madzulo anapeza anthu atadzaza pakhomo. Greyson anali atagwa kuchokera pamwamba pa chigafa pamene ankapachika fodya. Kuchipatala anati msana wathyoka. Anabwera naye kunyumba osatha kuyenda, osatha kulankhula, maso okha ndi amene ankatsatira mkazi wake kulikonse kumene walowera.

Imelda anakhoma malata aja, nyumba inasiya kudontha. Koma iye sankatha kukhalamo. Akalowa, maso a Greyson ankamupeza. Akatuluka, ankamva ngati wina akumuitana m'nyumba. Makhadi awiri otsala anawakulunga m'kansalu n'kuwamangirira pakhosi pamodzi ndi kolona, ndipo tsiku lonse dzanja lake linkangopita pachifuwa. Amene ankasambitsa wodwala, kumutembenuza ndi kumumwetsa phala anali Stelia.

"Achemwali, za ku Lilongwezi bwanji osazisiya?" anatero Stelia tsiku lina akuchapa zofunda. "Alamu akudwala chonchi, anthu akulankhula."

"Alankhule. Anthuwo atigulira njinga ya olumala?"

"Ine ndikungoona kuti simukudya, simukukhala pansi. Chilipo chikukudyani."

"Chapa zovalazo, Stelia."

Ku Lilongwe kunali akatswiri enieni, anyamata a m'tauni osunga makhadi awo m'mapulasitiki, odziwa mayendedwe onse a masewerawa. Imelda analumbira mumtima kuti kansalu kaja sakamasula. Tsiku loyamba anapambana ndi nzeru zake. Tsiku lachiwiri anafika pamasewera omaliza ndi mphunzitsi wina wa ku Dedza, ndipo wopambana yekha ndiye anali woti apite ku Blantyre. Asanakhale pansi anapita kuchimbudzi, n'kutulutsa khadi limodzi, n'kuchotsa fisi kuti likwane m'gulu la makumi atatu. Anadziuza kuti n'longolimbitsa mtima.

Mphunzitsiyo anali wodekha ndipo sankalakwitsa. Patapita ola limodzi Imelda anaona kuti watha. Anayang'ana nkhope ya mng'ono wake, ili ndi kamseko kake kamanyazi. Anaganiza za minibasi, anaganiza zobwerera kwawo chimanjamanja Ivy akuona. Dzanja linatsika lokha.

Anamupatsa jenereta, wailesi yakanema ndi yunifolomu ya kampani. Atolankhani anamujambula. Pamene ankakwera basi, Stelia anali atagona kale pansi pachigayo, pamene anagwa mwadzidzidzi akudikira ufa. Anakhala masiku atatu osatsegula maso, tsiku lachinayi anamwalira.

Maliro atangotha, Imelda anapalasa njinga mpaka kumalire. Anapeza Enoki akupukuta kamera.

"Bambo, tengani khadi lanu. Zanga zonse tengani, malata, jenereta, zonse. Mwanayu yekha mundisiyire."

"Chithunzi chikatsukidwa sichibwereranso mu kamera, mayi."

"Munati amagona. Simunanene kuti amafa."

"Munandifunsa kuti mpaka liti, ndinakuuzani kuti sindidziwa. Wina wagona mwezi wachitatu uno, wina wagona kumanda. Woponya ndinu."

"Ndiye nditani?"

"Lisungeni. Ali ndi zaka zingati mwanayo? Zisanu ndi ziwiri? Akhoza kufika makumi asanu ndi atatu. Bola khadi lisagone patebulo, lisanyowe, lisapse, lisadyedwe ndi chiswe." Anamuyang'ana ndi maso ozizira. "Ndamva kuti ku Blantyre kuli minibasi yatsopano."

Kuyambira tsiku limenelo Imelda sanaonenso mtendere. Mvula ikayamba ankathawira m'nyumba atagwira pachifuwa. Pophika ankakhala patali ndi moto. Thukuta lake lomwe linkamuopsa, moti anakulunga khadilo m'pulasitiki, kenako n'kuopa kuti mwana abanika, n'kulimasulanso. Kulisiya kunyumba sakanatha, kuopa makoswe. Tiyamike akatsokomola pang'ono, mayi ake ankathamangira kuseri kukaliyang'ana.

"Amayi, chithunzi changa chija chidzabwera liti?" anafunsa mwanayo tsiku lina.

"Sichinatuluke bwino," anatero Imelda, natuluka panja.

Akanatha kukhala pakhomo. Koma kalata ya kampani itafika, yoitana akatswiri asanu ndi atatu ku Blantyre, anaiwerenga kambirimbiri. Tsopano anali ndi mikango ndi njovu zake zenizeni. Anadziuza kuti akapambana ndi nzeru zokha, kuti Greyson ndi Stelia asakhale kuti anagona pachabe. Anasiya mwamuna ndi mwana m'manja mwa Anasi, nakwera basi, khadi lili pakhosi.

Zimene sankadziwa n'zakuti Ivy anali atalembera kalata akuluakulu a mpikisano. Anafunsa kuti zingatheke bwanji tenanti wotola makhadi kudzala kukhala ndi Zipembere Zoyera ziwiri, pamene m'dziko lonse zilipo khumi.

Mpikisano unayamba Lachisanu m'mawa muholo yaikulu ya hotela ina. Imelda anasewera bwino kuposa kale lonse. Anagonjetsa woyamba, anagonjetsa wachiwiri, osakhudza kansalu kaja. Minibasi inali panja, itamangidwa riboni, ndipo ankaiona pazenera. Nthawi itakwana 11 koloko, asanayambe masewera omaliza, woyang'anira mpikisano, bambo wamagalasi, anaimitsa zonse.

"Mayi Imelda, talandira dandaulo. Tiona makhadi anu, ndipo mayi awa akusechani."

Makhadi makumi atatu anali abwinobwino. Koma mayi wosechayo anakhudza chingwe cha pakhosi, nakoka kansalu, nakamasula.

"Chipembere Choyera, bwana. Anachibisa m'malaya."

"Limenelo si losewerera," anatero Imelda. "Ndi langa chabe. Ndipatseni."

"Khadi lililonse lenileni lili ndi nambala kuseri," anatero woyang'anira, akulilandira. "Tingoona."

"Onani lili m'manja mwanu momwemo. Chonde bambo, ndagwira mwendo wanu. Ndichotseni mumpikisano, minibasi mupatse mnzangayu. Koma musaliike pansi."

Bamboyo anaganiza kuti mayiyu akuopa kugwidwa. Anakonza magalasi ake, nasuntha botolo la madzi kuti apeze malo. Imelda analumpha, koma alonda awiri anamugwira mikono. Anaona nkhope ya mwana wake, tsitsi lolukidwa bwino lija, ikutsika pang'onopang'ono mpaka kugona pansalu yobiriwira ya patebulo.

"Palibe nambala," anatero woyang'anira. Atalitembenuza anadabwa. "Ndipo palibenso chithunzi. Ndi pepala loyera."

Anamuchotsa mumpikisano ngati wakuba, namuvula yunifolomu. Iye sanamve chilichonse cha zimene ankanena. Anakwera basi yoyamba, ndipo njira yonse anaima chilili pafupi ndi chitseko, ngakhale mipando inalipo.

Anafika pa esiteti m'mawa mwake. Ali patali anaona nthambi zamasamba zitaikidwa pamsewu wolowera kwawo. Aphunzitsi anafotokoza kuti dzulo lake, nthawi ya masamu, Tiyamike anatsamira mutu padesiki. Iwo anayesa kuti watopa, namusiya. Belu litalira anzake onse anatuluka, iye yekha sanadzuke.

Imelda sanalire pamaliropo. Anthu atabalalika, analowa m'nyumba, nagwada pafupi ndi mphasa ya Greyson, namuuza zonse kuyambira tsiku la chithunzi. Greyson anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatseka maso. Sabata yotsatira abale ake anabwera kudzamutenga. Katundu yense anagawana anthu, ndipo kachipinda ka Enoki kanapezeka katasanduka malo ometera tsitsi.

Kwa zaka zambiri, anthu a pamsika wa Mchinji ankamudziwa mayi wina wosakhala pansi, woyenda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Sankapempha kanthu, sankatukwana munthu. Koma akaona pepala lililonse lili patebulo, kaya lisiti, kaya nyuzipepala yokulungira usipa, ankalitola msangamsanga n'kuliimika pachifuwa pake, akunong'ona kuti, "Dzuka, mwanangu, dzuka."

Imelda anali ndi nzeru zokwanira kupambana popanda mankhwala, ndipo anali ndi anthu atatu omukonda ngakhale m'nyumba yodontha. Dyera linamuuza kuti zimenezo n'zochepa. Chuma cha mankhwala mtengo wake ndi anthu, ndipo wogulitsayo sasankha amene sukuwafuna, amasankha a pamtima pako. Umphawi umapweteka, koma uli ndi mawa. Wosinthanitsa abale ake ndi chuma amatsala wopanda chumacho, wopanda abale, wopanda ngakhale mutu wake.