Nsanza za Buluu pa Mtsetse

Benchi ya m'holo ya pasukulu inali ngati yamera minga. Mtsikanayo anapinda mwendo, nauwongola, nasuzumira pawindo, kenako anayamba kugogoda pansi ndi chidendene mpaka mayi amene anayandikana naye anamuponyera diso loipa. Kunyumba ndi kusukulu komwe ankamutcha Kamphepo, chifukwa kuyambira ali wamng'ono sankatha kukhala malo amodzi.

Tsikulo amayi ake anali kumsika kogulitsa tomato, ndiye anamutuma kuti akaweruka akawamverere msonkhano wa alimi. Kutsogolo, mlangizi wa zankhalango ankafotokoza mosathamanga kuti boma lakhazikitsa thandizo la alimi ofuna kudzala mitengo. Mlimi amene malo ake avomerezedwa adzalandira mbande ndi wilibala, komanso ndalama chaka chilichonse mitengoyo ikapulumuka. Koma si malo onse amene angalowe. Munda wa chakudya ayi, nkhalango yakale ayi. Anati gawo loyamba likufuna malo oguga, opanda mitengo, amene madzi akuwakokolola, ndipo Loweruka adzayenda khomo ndi khomo kudzayeza.

Mtima wa Kamphepo unadumpha. Anaganiza za dengu la tomato limene amayi ake ankasenza m'mawa uliwonse, ndi mmene ankagwirira msana akalitula. Thandizo limenelo likanawapumitsako. Pamene mlangizi ankati, "Tsopano tibwere ku gawo lachiwiri," iye anali atadutsa kale pachitseko.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mtsetse wamiyala. Bambo ake asanamwalire anagwetsa mitengo yonse pamenepo n'kuwotcha makala, ndipo panangotsala zitsa ndi chigwembe chimene chinkakula dzinja lililonse. Amayi ake ndi amene anapeza chochita. Chitsa chikatulutsa mphukira zambiri, ankaziyang'ana kwa nthawi, n'kusankha ziwiri zowongoka, n'kudula zinazo. Zosankhidwazo ankazimangirira kansanza ka buluu, kong'ambidwa ku yunifolomu yakale ya Kamphepo, kuti ofuna nkhuni adziwe kuti zili ndi mwini. Tsopano zambiri zinali zitamupitirira Kamphepo msinkhu.

Anaima pamenepo akupuma wefuwefu, ndipo chimwemwe chake chinayamba kuzilala. Malowo sanali nkhalango, komanso sanali opanda mitengo.

Malume ake, amene ankakhala tsidya lina la njira, anamupeza akuzungulirazungulira. Anali munthu wa nthabwala, wa dazi lonyezimira, ndipo malo awo mbuzi zinali zitawameta kalekale. Atamva nkhaniyo anaseka n'kusisita mutu.

"Boma likufuna malo onga mutu wangawu, mphwanga. Anuwa ali ndi tsitsi."

"Ndiye titani, amalume?"

"Munthu wa tsitsi akafuna dazi amatani? Chikwanje mulibe?"

Madzulo, amayi ake akusankha tomato wophwanyika pakhonde, Kamphepo anawafotokozera zonse mothamanga, mawu akupondana. Iwo anamufunsa ngati anamva msonkhano wonse. Iye anayankha kuti zofunika anazimva. Atatchula za chikwanje, manja a amayi ake anaima.

"Achimwene amalankhula ndi pakamwa pokha. Mitengo ija sinandilakwire. Mlangizi abwere aone yekha, akakana wakana."

"Koma msana wanu, amayi."

"Msana ndi wanga. Iwe tenga mabuku."

Mabuku anawatenga, koma zilembo zinkangoyendayenda. Lachinayi m'kalasi aphunzitsi anamufunsa funso la masamu iye n'kuyankha za wilibala, anzake n'kufa nazo kuseka. Pobwerera kunyumba anaona anthu akusosa malo awo, ena akuzika zikhomo m'malire. Aliyense anali kukonzekera Loweruka, kupatula iwo. Ankaona ngati galimoto ikunyamuka, amayi ake ali chiimire pambali pa msewu, osaibayitsa.

Lachisanu ataweruka sanavule n'komwe nsapato. Amayi ake anali adakali kumsika. Anasolola chikwanje kuseri kwa chitseko, nachinola pamwala, n'kupita kumunsi kwa mtsetse. Mumtima ankati amayi ake adzakwiya tsiku limodzi, koma wilibala ikadzafika adzamuyamika.

Mtengo woyamba unagwa mosavuta, masamba ake n'kumukwapula kumaso. Wachiwiri unalimbako. Atadula angapo anasiya kuganiza, dzanja linkangopita lokha. Nthambi ankazikokera m'chigwembe kuti zisaoneke. Malume ake podutsa anaima, nayang'ana uku ndi uku, n'kumunong'oneza kuti zitsazo zayera kwambiri, azipake matope kuti zioneke zakale. Atatero anapitiriza ulendo akuimba mluzu. Kamphepo anakanya matope m'chidebe n'kupaka chitsa chilichonse.

Dzuwa litapendeka anali atafika pakati pa mtsetse. Matuza anali ataphulika m'manja, ndipo utomoni unkamata zala. Anakweza chikwanje pa mtengo wina wowongoka bwino, maso ake n'kugwera pa kansanza kake. Kanali ka pathumba la yunifolomu, ndipo banga la inki limene amayi ake analephera kulichotsa iye ali sitandade faifi linali lidakalipo. Anakumbukira kuti nthawi imeneyo mtengowu unkamulekeza m'mawondo. Anatembenuka kuyang'ana kumunsi. Kumene m'mawa kunali mthunzi kunali mbee, ndipo chigwembe chinkaoneka chachikulu kuposa kale. Chikwanje chinamulemera.

Amayi ake anamupeza ali chomwecho. Anaima pangodya ya nyumba dengu lili pamutu, osalitula. Kamphepo anayembekezera kukalipiridwa, mwina ngakhale khofi, ndipo akanakonda zimenezo. Koma iwo anatula dengu mwakachetechete, natsikira m'chigwembe atagwira msana, n'kuyamba kumasula nsanza pa nthambi zodulidwa, imodziimodzi, akuziika m'thumba la epuloni. Iye atafuna kuwathandiza anangoti, "Kasambe m'manjamo ndi madzi a mchere."

Loweruka mlangizi anafika pa njinga yamoto, chingwe choyezera chili paphewa. Malume anabwera naye limodzi, nkhope ili mwee, chifukwa malo awo anali atavomerezedwa kumene. Mlangiziyo anapereka moni kwa amayi, nazungulira nyumba, ndipo maso ake anathamangira kumtunda, kumene nsanza za buluu zinkauluzika.

"Ntchito iyi ndi ya ndani, mayi?"

Amayi anayankha kuti ndi yawo. Iye anagwedeza mutu mokondwa, nagwira mtengo umodzi ngati akupereka moni kwa mnzake. Anati zimenezi ndi zomwe ankanena mu gawo lachiwiri: mlimi wosamalira mphukira za pa zitsa amalandira thandizo mofanana ndi wodzala mbande, ndipo ofesi imakonda malo oterowo chifukwa mizu yake ndi yakale, siifa ndi chilala. Chofunika n'chakuti malowo akwane muyeso.

Kamphepo anaponya maso pa zitsa zimene anapaka matope zija.

Kenako mlangizi anatsikira kumunsi. Anaima pa chitsa china, nachipala ndi nsonga ya nsapato. Matope ouma anagwa, ndipo mtengo woyera, wonyowa, unaonekera. Anapala china, n'kusuzumira m'chigwembe mmene masamba anali asanafote n'komwe. Chimwemwe chinachoka pankhope pake. Anafotokoza kuti lamulo limakana malo amene mitengo yadulidwa chaposachedwa, chifukwa boma silingalipire munthu kuti agwetse mtengo n'cholinga chodzala wina. Atafunsa amene anadula, amayi anati ndi a pakhomo pomwepo.

"Ndine," anatero Kamphepo. "Ndimafuna pakhale popanda mitengo."

Mlangizi anamuyang'anitsitsa. "Iwe unali pamsonkhano paja eti? Nkhope sindinaione bwino, koma msana wako ndinauona ukutuluka."

Malume anakhosomola, nanena kuti ana a masiku ano satha kusiyanitsa nthabwala ndi malangizo, kenako anakumbukira kuti mbuzi zawo sizinamwe madzi. Amayi anawaperekeza ndi maso mpaka anawoloka njira.

Panatsala chiyembekezo chimodzi: mwina mbali ya kumtunda yokha ikanakwana. Mlangizi anapatsa Kamphepo nsonga ya chingwe kuti agwire pamalire a pamwamba, iye n'kumatsika akuchitambasula. Mtsikanayo anagwira mwamphamvu ngakhale matuza ankawawa, akupemphera kuti chingwe chithe mitengo isanathe. Koma mlangizi atafika pa mtengo wotsiriza, uja wa kansanza ka inki, m'manja mwake munali mudakali chingwe chopindidwa. Anayeza kachiwiri chopingasa, nawerengera, n'kupukusa mutu. Mtsetse wonse ukanakwana bwinobwino. Theka lake silinakwane.

Asanakwere njinga anawauza kuti zitsa zimenezo si zakufa. Zikaphukanso n'kusamalidwa, pakatha madzinja angapo adzabweranso ndi chingwe, ngati thandizolo lidzakhale lilipo. Sanalonjeze china.

Masiku otsatira wilibala yatsopano inkalira tsidya lina la njira. Kamphepo ankaimva ali m'nyumba, ndipo ankatseka zenera. Loweruka lililonse anayamba kudzuka limodzi ndi amayi ake n'kusenza dengu mpaka kumsika. Ulendo woyamba khosi linauma moti Lolemba ankatembenuka thupi lonse aphunzitsi akamuitana. Amayi ake sanatchulenso za mtsetse, ndipo kusatchulako kunkamupweteka kuposa dengulo.

Mvula yoyamba inagwa yamphamvu. Madzi ofiira anatsika mbali yodulidwayo, nadya m'mphepete mwa chigwembe, n'kusiya matope pakhomo la khitchini. Kamphepo anawakokolola ndi fosholo osauzidwa. Koma patapita milungu ingapo anabwera akuthamanga kuchokera kuseri, akuti zitsa zaphuka, chitsa chilichonse mphukira gwirigwiri, ndipo anali atatenga kale mpeni.

"Bweza mpeniwo," anatero amayi ake. "Zikadali makanda. Sungadziwe yolimba zisanafike m'mawondo."

"Zifika liti?"

"Zikafika."

Anabweza mpeni. M'mawa uliwonse asanapite kusukulu ankakaima pafupi ndi chitsa n'kudziyeza, koma mphukirazo sizinkasamala za changu chake. Anaunjika miyala m'chigwembe kuti madzi azifooka, nazinga minga kumbali ya mbuzi za malume, n'kudikira.

Tsiku lina masana, masamba a pamwamba atakhudza bondo lake, amayi ake anatuluka ndi kachitini kakale ka mkaka. Munali nsanza za buluu zija, zochapidwa, zopindidwa bwino. Anamupatsira m'manja pamodzi ndi mpeni, n'kumuuza kuti msana sukuwalola kuwerama, asankhe yekha, koma akumbukire kuti yodulidwa siibwereranso.

Kamphepo anapita pa chitsa cha kumunsi kwenikweni, chimene anayambira kudula. Mphukira zinali zambiri, ndipo zonse zinkaoneka zabwino. Anakhala pansi, mpeni uli pamwendo, n'kuyamba kuziyang'ana: iyi yapindika patsinde, iyo yamera pamwamba pa khungwa ndipo mphepo idzaithyola, inayo ndi yaifupi koma yonenepa. Mthunzi wa nyumba unasuntha mpaka unamufika kumapazi iye asanadule kanthu.

Malume anadutsa panjira akukankha wilibala yawo, naima kumuyang'ana.

"Kodi lero mphepo yaleka, mphwanga?"

Kamphepo sanatembenuke. Anatulutsa kansanza kamodzi m'chitini, nakawongola pabondo, n'kupitiriza kuyang'ana.