Ndevu mu Sefa ya Dizilo

Sendezani mpando kuno, pafupi ndi mbaula. Nkhani iyi si yofuula.

Kwathu kuno kumpoto kwa Norway, chipale chofewa chikagwa lamulo ndi limodzi: ukapeza galimoto itafa pamsewu wa kuphiri, umaima. Kaya ndi mdani wako, umaima. Eilert sanaime.

Amene anali pamsewupo anali mlamu wake, Halvard, mkulu wa ndevu zotuwa zofika pachifuwa, mwamuna wa mchemwali wake Oddny. Awiriwa ankalimbirana shedi yosungiramo boti. Tsikulo Halvard anathira dizilo wa m'chilimwe wotsala mumgolo, ndiye kuzizira kutakula dizilo uja anaundana ngati phula n'kutseka sefa. Anakweza dzanja. Eilert anamuunika ndi nyali, anamuzindikira bwinobwino.

"Aphunzire ameneyo," anatero, n'kuponda moto.

Halvard anapezeka m'mawa atauma pachiwongolero. Eilert sanauze munthu. Pamaliro anaimba nawo, mokweza ndithu.

Chisanu chotsatira galimoto ya Eilert inayamba kudwala. M'mawa inkachedwa kulira. Ikaima inkanjenjemera ngati ikumva malungo. Pachitunda, akaponda moto, inkatsamwa, kutsokomola, kenako n'kugwira mphamvu mochita kukakamiza. Anapita nayo kwa Gunvor, makaniko wathu, mayi wa pakamwa posabisa.

"Mwathiramo chiyani, bambo, khofi wa dzulo?"

"Dizilo wa nyengo yozizira weniweni. Ndine mwana ine?"

Gunvor anamasula sefa, anaicheka pakati. Nthabwala zinathera pomwepo. M'kati munalibe phula, munalibe dzimbiri. Munadzaza tsitsi lotuwa, lokhakhala, lopotana.

"Galu wanu amagona m'thanki?"

"Ndilibe galu."

"Ndiye izi ndi ndevu," anatero Gunvor, akupukuta manja nthawi yaitali. "Ndaika yatsopano. Koma ikayambanso kutsamwa, kuphiri musapite."

Sabata isanathe inayambiranso. Madzulo ena Oddny anaimba lamya.

"Achimwene, mbaula yanga yafa. M'nyumba muno mukuzizira. Bwerani."

Oddny amakhala kuseri kwa phiri. Kukana mlongo wako wamasiye, unganene chifukwa chanji? Eilert ananyamuka. Paja m'nyengo imeneyo mdima umagwa anthu asanaweruke.

Chitunda choyamba, galimoto inatsokomola. Chachiwiri, inayamba kudumphadumpha. Eilert anatsitsa giya, anaponda mpaka pansi. Injini inangolira ngati munthu wotsamwa ndi fupa. Kenako zii.

Anasuzumira kunja. M'mphepete mwa msewu munali kamtanda kathabwa kamene Oddny anazika pamene Halvard anafera. Galimoto inafera pomwepo, osapitirira ngakhale phazi.

Lamya kumeneko sigwira. Anayesa kuliza, injini inangozungulira. Anayesanso. Batire linayamba kufooka. Kuzizira kunalowera m'nsapato, kukwera m'mawondo.

Ndipo kumbuyo kunaoneka nyali.

Eilert anatuluka, anavula golovesi kuti aonekere bwino, anakweza dzanja. Galimotoyo inkabwera pang'onopang'ono, ikutsokomola ngati yake yomwe. Itafika pafupi anaizindikira. Inali yobiriwira ija ya Halvard, imene inaphwasulidwa kale kwa ogula zitsulo. Zenera linatsika. Chibwano cha woyendetsayo chinali chometedwa, mbee.

"Alamu!" Eilert anafuula. "Alamu, imani! Ndinalakwa!"

Mkuluyo anamuyang'ana, osakwiya, osaseka.

"Aphunzire ameneyo," anatero. Zenera linakwera. Nyali zofiira zinazimirira m'chipale.

Inadzadutsanso. Ndi kudutsanso. Nthawi iliyonse Eilert ankakweza dzanja, poti munthu ukamafa ndi chisanu sumasankha wokupulumutsa.

Wa galimoto yokankha chipale anamupeza kutacha, ali chiimire pambali pa kamtandako, dzanja lili m'mwamba, akubwebweta zonse zimene ndakuuzanizi. Moyo unatsala, koma zala za dzanja limenelo madokotala anadula. Pamsewu panalibe mapazi a matayala ena, koma ake okha. Gunvor atacheka sefa yatsopano ija, anapezamonso ndevu, anangoitsekera m'chitini.

Kusitolo anthu amanong'onezana ziwiri. Ena amati ndi Halvard yemwe. Ena amakumbutsa kuti amene anameta mtembo ndevu asanauike m'bokosi anali Oddny, kuti kiyi wa garaja ya mchimwene wake ali naye, ndipo kuti mbaula yake usiku umenewo inkayaka bwinobwino. Koma Oddny anadziwa bwanji zimene zinachitika kuphiri, poti kunalibe mboni? Palibe amene analimba mtima kumufunsa. Lamlungu lililonse amamupititsira mchimwene wake buledi wotentha, n'kumudulira yekha.

Mukakumana ndi wina amene galimoto yake yayamba kutsamwa pachitunda, chonde mukamufotokozereko nkhaniyi. Asinthe sefa. Ndipo akumbukire ngati pali amene anamupitirira panjira.